Kodi Myuda akavomereza Yesu amakhalabe Myuda?

Tikamaphunzira za Amithenga a Mulungu m'gulu lathu, pali malo amene timadutsapo mothamanga. Timati kunabwera Mose, kenako Yesu, kenako Muhammad, kenako Báb ndi Bahá'u'lláh, ngati tikutchula masiteshoni a sitima ija inkachoka ku Limbe kudzera ku Makhanga ndi Bangula mpaka ku Nsanje. Kutchula mayina n'kosavuta. Koma pa siteshoni iliyonse panali anthu amene anakwera ndi ena amene anatsala, ndipo nthawi zambiri wokwera ndi wotsala anali ana a mayi mmodzi. Pepala lino likunena za malo amodzi okha pa ulendowo, ndi funso limene lazunguza anthu kwa zaka pafupifupi 2,000: munthu wobadwa Myuda akavomereza kuti Yesu ndiye Mesiya, kodi akadali Myuda?

Wina anena kuti kuno kwa Mbenje kulibe Ayuda, nanga tidzivutitsiranji? Koma ambiri a ife sitinabadwe Abahá'í. Wina anachokera ku Katolika, wina ku Evangelical, wina ku Chisilamu, ndipo ena anamvapo kale mawu aja ochokera kwa amalume kapena azakhali, akuti "mwana iwe watitaya." Funso la Myuda ndi lomweli. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa Ayuda linafika mpaka kukhoti, ndipo anthu ambirimbiri anaferapo.

Tiyambe ndi liwu lenilenilo. Mesiya ndi liwu la Chihebri lotanthauza wodzozedwa, chifukwa mfumu ya Aisraeli poilonga ufumu ankaithira mafuta pamutu, monganso ankachitira ndi mkulu wa ansembe. Khristu ndi liwu lomwelo m'Chigiriki. Tikati Yesu Khristu ndiye kuti tanena kale kuti Yesu ndiye wodzozedwa uja; Khristu si chiwongo chake. Ayuda ankayembekezera, ndipo opembedza mwa iwo akuyembekezerabe, mfumu yochokera m'banja la Davide imene idzasonkhanitse ana a Israeli obalalika, idzamangenso Kachisi ku Yerusalemu ndi kubweretsa mtendere pakati pa mitundu. Maimonides, mphunzitsi wamkulu wa Chiyuda amene anamwalira ku Egypt m'chaka cha 1204, anaika zimenezi m'buku lake la malamulo ngati muyeso. Kwa iye Mesiya adzadziwika ndi ntchito zimenezi zikachitika pamaso pa onse, ngakhale asachite chozizwitsa n'chimodzi chomwe.

Choncho Myuda wopembedza akamakana, mfundo yake si yachibwana. Iye amati, tsegulani wailesi mumve ngati nkhondo zatha. Kachisi anagumulidwa ndi Aroma m'chaka cha 70 ndipo mpaka lero sanamangidwenso. Amakumbukiranso kuti makolo ake anapsapo kale. M'chaka cha 132 mtsogoleri wina, Bar Kokhba, anaukira Aroma, ndipo Rabi Akiva, mphunzitsi wolemekezeka koposa wa nthawiyo, anamuvomereza kuti ndiye Mesiya. Pofika 135 dziko linali bwinja. Anthu amene anaonapo zotere safulumira kuombera m'manja wina akati wolonjezedwa uja wafika.

Pali chifukwa china chozama kuposa ichi. Chiyuda chonse chinaima pa umodzi wa Mulungu. Chiphunzitso chakuti Yesu ndi Mulungu mwini wake atavala thupi, mmodzi mwa atatu, m'makutu mwa Myuda chimamveka ngati kuphwanya lamulo loyamba mwa malamulo khumi aja. Ife Abahá'í tizimvetsera bwino pamenepa, chifukwa nafenso timaphunzira kuti Mulungu salowa m'thupi la munthu. Timati Mthenga ali ngati kalilole woyera amene akuonetsa dzuwa lonse ndi kutentha kwake, koma dzuwalo silinatsike kudzakhala m'kalilolemo. Pa mfundo imeneyi tili pafupi ndi Myuda kuposa mmene ambiri amaganizira.

Komatu oyamba kukhulupirira Yesu onse anali Ayuda. Mariya, Petro, Yakobo, Yohane, ngakhale Paulo. Ankapitabe ku Kachisi kukapemphera, ndipo palibe mwa iwo amene ankadziona ngati wasiya mtundu wake. Cha m'ma 49 kapena 50 atumwi atakumana ku Yerusalemu, funso limene linawasonkhanitsa linali lozondoka ndi lathuli. Iwo ankafunsa ngati Mgiriki wokhulupirira Yesu ayenera kulandira mdulidwe ndi kukhala Myuda choyamba. Anagwirizana kuti ayi. Khomo litatseguka chotero, anthu a mitundu ina analowa ochuluka mpaka eni nyumba anasanduka alendo, ndipo patapita zaka mazana angapo mpingo unkafuna kuti Myuda wobatizidwa asiye Sabata, asiye malamulo a zakudya, asiye chilichonse chomukumbutsa kwawo.

Zimene zinatsatira n'zowawa kuzilemba. Kwa zaka zoposa 1,000 Ayuda okhala m'mayiko a Chikhristu ankanenedwa kuti ndi opha Mulungu. M'chaka cha 1492 mafumu a ku Spain anawalamula kuti abatizidwe kapena achoke m'dzikomo, ndipo amene anabatizidwa ankalondedwa, ena n'kutenthedwa pamoto powaganizira kuti akusunga Chiyuda mobisa. Si Akhristu okha anachita zotere. Ku Mashhad, mzinda wa ku Iran, mu 1839 Ayuda anakakamizidwa kulowa Chisilamu. Banja la Chiyuda limene linafika mpaka lero ndi dzina lake linafika chifukwa agogo ena anakana ubatizo mpeni uli pakhosi. Ndiye mdzukulu akabwera kunyumba n'kunena kuti wavomereza Yesu, makolo ake samva nkhani ya mavesi. Amamva kuti mwana wapereka mwaulere chimene agogo anakana kupereka mpaka imfa. Mpingo wa Katolika unadzanena poyera mu 1965 kuti imfa ya Yesu isaikidwe pamutu pa Ayuda onse, a nthawi imeneyo kapena a lero. Anachita bwino, koma mochedwa.

Ndikuti mochedwa chifukwa nthawi ya Hitler inali itadutsa kale, Ayuda 6 miliyoni ataphedwa. Ndipo akuphawo analibe nazo ntchito za chikhulupiriro. Edith Stein anabadwa Myuda, anabatizidwa, nakhala sisitere wa Katolika. Anaphedwa ku Auschwitz mu 1942. Lidia Zamenhof wa ku Warsaw, mwana wa munthu amene anapanga chilankhulo cha Esperanto, anabadwa Myuda nakhala Mbahá'í, nayendayenda ku Ulaya ndi ku America kuphunzitsa. Anaphedwa ku Treblinka chaka chomwecho. Onse awiri ankakhulupirira Yesu, ndipo anawapha chifukwa anali Ayuda.

Tsopano timve za munthu mmodzi amene anatengera funsoli kukhoti. Oswald Rufeisen anabadwa mu 1922 m'banja la Chiyuda ku Poland. Nkhondo itabuka anabisa mtundu wake, ndipo poti ankalankhula bwino Chijeremani, anapeza ntchito yomasulira mawu kupolisi ya Ajeremani m'tauni ya Mir, imene lero ili m'dziko la Belarus. Ayuda a m'tauniyo anali atatsekeredwa m'linga lakale. Mu 1942 Rufeisen anamva tsiku limene apolisi anakonza zoti awaphe onse. Anawatsina khutu, anawazembetsera mfuti, ndipo anthu mazanamazana anathawira kunkhalango. Ataululika anathawa nakabisala kwa masisitere. Kumeneko anawerenga Chipangano Chatsopano napempha ubatizo. Nkhondo itatha analowa chipani cha amonke a Karimeli, natenga dzina lakuti Daniel, ndipo anadzakhala wansembe.

Mu 1959 anafika ku Israel. Dzikolo lili ndi lamulo la mu 1950 lonena kuti Myuda aliyense, kulikonse kumene anabadwira, ali ndi ufulu wobwera ndi kukhala nzika. Bambo Daniel anapempha unzika pa lamulo limenelo. Anati mtundu wanga ndine Myuda, chipembedzo changa ndine Mkatolika. Boma linakana, nkhani inapita ku Khoti Lalikulu, ndipo mu 1962 oweruza anayi anamukanira, mmodzi yekha, Haim Cohn, ndiye anamuvomereza. Chochititsa chidwi n'chakuti oweruzawo anavomera kuti malinga ndi malamulo a marabi, munthu wobadwa kwa mayi wachiyuda amakhalabe Myuda ngakhale atachimwa motani. Koma anati lamulo la boma liyenera kutsata tanthauzo limene Myuda wamba amapereka ku liwulo, ndipo kwa Myuda wamba, munthu sangakhale Myuda ndi Mkhristu nthawi imodzi. Bambo Daniel anadzalandira unzika kudzera njira imene mlendo aliyense amadzera. Anakhala ku nyumba ya amonke ya Stella Maris mpaka imfa yake mu 1998. Nyumbayo ili pa Phiri la Karimeli mumzinda wa Haifa, phiri lomwe lija pali Manda Opatulika a Báb amene timaona pazithunzi.

Mu 1970 lamulo lija linakonzedwa kuti linene momveka: Myuda ndi wobadwa kwa mayi wachiyuda kapena wolowa Chiyuda, amene sali m'chipembedzo china. Mu 1989 banja lina lochokera ku South Africa linayesanso. Iwo sanali Akatolika. Anali a gulu lodzitcha Ayuda a Mesiya, limene linakula kwambiri ku America kuyambira cha m'ma 1970. Anthu a gululi amasunga Sabata ndi Pasika wa Chiyuda, amapemphera ndi mawu a Chihebri, amatchula Yesu ndi dzina lake la Chihebri lakuti Yeshua, ndipo amati sanachoke kulikonse. Khoti linati chimenecho ndi chipembedzo china. Nthambi za Chiyuda zimakangana pa zinthu zambiri, ngakhale pa funso lakuti rabi weniweni ndani, koma pa nkhani iyi yokha zimalankhula chimodzi.

Apa ndi pamene mutu umaima. Myuda amene amanena poyera kuti kulibe Mulungu, amadya nkhumba, sanapondepo m'sunagoge, anzake amamuwerengabe Myuda ndipo Israel imamulandira. Koma amene amapemphera kwa Mulungu wa Abrahamu tsiku lililonse, nasunga Sabata, nawonjezapo dzina la Yesu, ameneyo ndiye watuluka. Munthu wongomva kumene angati n'kukondera. Ine ndikuona kuti nkhani si kuchuluka kwa chikhulupiriro. Wokana Mulungu uja wangokhala pansi m'mudzi mwake osagwira ntchito. Winayo, m'maso mwa abale ake, wawoloka mtsinje kukalowa m'mudzi umene kunkachokera adani.

Tisaganize kuti nkhaniyi ili kutsidya kwa nyanja kokha. Ku Zimbabwe, makamaka cha ku Mberengwa, ndi kumpoto kwa South Africa m'chigawo cha Limpopo, kuli anthu otchedwa Alemba. Ndi akuda ngati ife, amalankhula Chishona kapena Chivenda monga anansi awo. Koma sadya nkhumba, nyama amadya yokhayo imene yazingidwa mwa mwambo wawo, amachita mdulidwe, ndipo kale sankalola kukwatirana ndi mitundu ina. Amati makolo awo anachokera kumpoto, kumalo otchedwa Sena. Dzina limeneli kuno silifuna kumasulira. Ena amati ndi Sena yemweyu wa m'mbali mwa Zambezi, tsidya lina la Mutarara pa mlatho wa Dona Ana, amene anali msika waukulu wa amalonda kalekale. Katswiri wina wa ku Britain, Tudor Parfitt, anati mwina ndi tauni ina ya dzina lomwelo ku Yemen. Ku Zimbabwe ena amawatchula kuti Amwenye, liwu limene kuno timatchulira anzathu ochokera ku India. Mayina a mafuko awo, monga Hamisi, Sadiki ndi Seremani, amamveka Chiarabu, n'chifukwa chake ena amati makolo awo anali amalonda achisilamu.

Alemba ambiri amati ndi zidzukulu za Ayuda. Asayansi atayeza magazi a amuna awo anapezadi kuti ambiri makolo awo a kuchimuna anachokera kumayiko a ku Middle East, ndipo kafukufuku wa mu 2000 anapeza mwa fuko la Buba chizindikiro chimene chimapezeka kwambiri m'mabanja a ansembe achiyuda. Pambuyo pake kunadzaoneka kuti chizindikirocho chilinso mwa mitundu ina ya kumeneko. Magazi angakuuzeni dera limene agogo anachokera; sangakuuzeni mmene ankapempherera. Chimene chikutikhudza n'chakuti Alemba ambiri lero ndi Akhristu. Lamlungu amaimba kutchalitchi, kunyumba sadya nkhumba, ndipo saona kuti pali ndewu. Kwa iwo kukhala Mlemba ndi kubadwa, Chikhristu ndi kupemphera. Iwo sanadutse m'moto wa ku Spain kapena wa Hitler, choncho dzina la Yesu silinawanunkhire magazi. Koma marabi osunga mwambo sawawerenga ngati Ayuda pokhapokha atalowa Chiyuda mwatsopano. Chifukwa chimodzi n'chakuti Alemba amatsata mtundu kuchimuna pamene Chiyuda chimatsata kuchikazi. Ife a m'chigwa chino timaidziwa nkhani imeneyi. Mwana wa bambo Mmang'anja ndi mayi Msena angapezeke kuti kwa bambo akumuti ndi wa kwa mayi ake, kwa mayi akumuti ndi wa kwa bambo ake. Mwanayo ndi mmodzi yemweyo, koma miyambo yowerengera ndiyo iwiri.

M'dziko mwathu momwemuno muli chitsanzo china. Ambiri akamva kuti Myao amangoganiza Msilamu, ndipo m'midzi ina ya ku Mangochi ndi Machinga munthu wolowa Chikhristu amamuona ngati wataya Chiyao chake. Komatu buku lotchuka la mbiri ya Ayao, Chiikala cha Wayao, limene linasindikizidwa mu 1919, analilemba ndi Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican amene anatumikira ku Unangu m'chigawo cha Niassa. Munthu amene ena akanati wataya mtundu ndiye anasunga mbiri ya mtunduwo papepala.

Ndiye tinene chiyani? Ine ndikuona kuti muli mafunso awiri amene akulowana. Loyamba ndi lakuti ndiwe mwana wa yani. Limeneli palibe khoti kapena madzi a ubatizo amene angalisinthe, ndipo pamenepa Bambo Daniel ananena zoona. Munthu amene anaika moyo wake pachiswe chifukwa cha Ayuda a ku Mir sangauzidwe kuti si m'bale wawo. Lachiwiri ndi lakuti dzina la chipembedzo mwini wake ndani. Pamenepa ndikuona kuti eni dzina ali ndi mawu. Mwana wa mbumba akakamanga mudzi wake kwina amakhalabe m'bale, maliro akagwa amamutumizira uthenga. Koma akaimika chikwangwani cha dzina la mudzi wakale pakhomo pake, nayamba kuuza alendo kuti mudzi weniweni ndi uno, otsala aja ali ndi chifukwa chodandaulira.

Myuda wa Mesiya ali ndi yankho lamphamvu, ndipo tisalipeputse. Iye amati, Petro ndi Yakobo sanasamuke, ine ndangobwerera pamene iwo anaima, nanga wasamuka ndani? Pa mbiri ya zaka 100 zoyambirira akunena zoona. Chovuta n'chakuti pakati pa Petro ndi iye padutsa zaka zonse zija tazitchula, ndipo mawu amasenza zimene anthu anachita nawo. Ndimakhulupirira kuti ambiri a iwo ndi oona mtima. Chimene sindigwirizana nacho ndi pamene mabungwe ena amagwiritsa ntchito zovala, nyimbo ndi mayina a Chiyuda ngati nyambo, kuti munthu alowe asanadziwe kuti walowa kuti. Choonadi sichisowa kubisa dzina lake.

Nanga ife Abahá'í tili pati? Pa funso lakuti Yesu ndi Mesiya kapena ayi, sitizengereza. Ndiye. Palibe munthu angakhale Mbahá'í akukana Yesu, monganso sangakhale Mbahá'í akukana Mose kapena Muhammad. Bahá'u'lláh anafotokoza nkhaniyi m'buku la Kitáb-i-Íqán, limene analemba ku Baghdad cha m'ma 1861 ndi 1862 poyankha mafunso a amalume ake a Báb. Amalumewo anali Msilamu, ndipo vuto lawo linali lofanana ndendende ndi la Myuda uja. Ankafunsa kuti ngati mphwawo ndiye Wolonjezedwa, ufumu wake uli kuti, ndipo zizindikiro zimene zinanenedwa bwanji sizinaoneke. Bahá'u'lláh anawaonetsa kuti zizindikirozo zili ndi tanthauzo lauzimu, ndi kuti ufumu wa Mthenga umaoneka m'mitima imene waigonjetsa, ngakhale iye mwini atafa wopanda pogona.

Koma taonani amene ankauzidwa mawuwo. Bahá'u'lláh anatchula za Ayuda ndi Yesu, za Akhristu ndi Muhammad, kuti Msilamu uja adzione yekha. Mfundo yake ndi yakuti anthu a chipembedzo chilichonse amadzudzula amene anakana Mthenga wawo, kenaka iwonso n'kukana wotsatira pa zifukwa zomwezo. Choncho Mbahá'í amene awerenga bukuli n'kutulukamo ndi maganizo akuti Ayuda ndi anthu ouma mitu, waliwerenga chozondoka. Ambiri a ife tinakula tikuonera masewero a Lachisanu Loyera, mmene liwu lakuti Ayuda linkangotanthauza anthu oipa okuwa kuti munthu apachikidwe. Tinkaiwala kuti wopachikidwayo, amayi ake olira pansi pa mtanda ndi ophunzira ake onse analinso Ayuda, ndi kuti mtanda unali chilango cha boma la Aroma. Liwu limeneli tisamaligwiritse ntchito ngati chitonzo, ngakhale mocheza.

Mbiri yathu ili ndi Ayuda amene anavomereza Yesu kudzera khomo lina. Woyamba kudziwika ndi Hakím Masíh, sing'anga wa kunyumba ya mfumu ya Iran, amene anamva Táhirih akulankhula ku Baghdad. Kuyambira cha m'ma 1870 ndi 1880 mabanja ambiri achiyuda a ku Hamadan ndi Kashan anatsatira. Ganizani zimene ankasenza. Povomereza Bahá'u'lláh ankavomereza pamodzi Yesu ndi Muhammad, Amithenga awiri amene otsatira awo anazunza makolo awo. Panalibenso phindu la m'thumba, chifukwa ankachoka m'gulu lonyozeka kukalowa m'gulu limene linkaphedwa. Ambiri anakhalabe m'makwalala a Ayuda, akusunga miyambo ina ya kwawo kwa m'badwo umodzi kapena iwiri. Koma m'kupita kwa nthawi dzina limene anadziwika nalo ndi lakuti Abahá'í, ndipo sanalimbirane dzina la Chiyuda ndi abale awo. Mdzukulu wa Hakím Masíh, Lutfu'lláh Hakím, anasankhidwa kukhala m'Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse itangokhazikitsidwa mu 1963.

Pa 12 Okutobala 1912 'Abdu'l-Bahá anaitanidwa kukalankhula m'sunagoge wamkulu wa Temple Emanu-El ku San Francisco. Sanabise mawu. Anayamba ndi kutamanda Abrahamu ndi Mose, kenaka anauza Ayudawo kuti Yesu sanali mdani wa Mose, popeza kudzera mwa Yesu dzina la Mose ndi mabuku ake zinafika kumitundu imene sikanazimva. Anawakumbutsa kuti Akhristu amavomereza Mose ndipo sanatayepo kanthu, nawafunsa chimene iwo angataye atavomereza Yesu. Ife umboni wa mfundo imeneyi tili nawo m'nyumba. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'chinenero chathu mu 1922, ndipo gawo lake lalikulu ndi malemba a Ayuda. M'kalasi ya ana iliyonse kuno mupezamo Mose, Davide, Rute kapena Estere. Amene anabweretsa mayina amenewa m'chigwa cha Shire ndi otsatira a Yesu.

Onaninso mmene anachitira. Anapita ataitanidwa, ananena zoona zake mwaulemu, nasiya anthu aganize okha. Ndipo mpaka lero, ngakhale likulu la Chipembedzo chathu lili ku Haifa ndi ku Akka, Abahá'í saphunzitsa Chipembedzochi kwa anthu okhala m'dziko la Israel. Ndi mwambo wochokera m'nthawi ya Bahá'u'lláh mwini wake. Amene amatumikira kumeneko ndi odzipereka ochokera kumayiko ena, ndipo akamaliza nthawi yawo amabwerera kwawo.

Tibwerere kwa amalume aja akuti watitaya. Mbali ina akulakwitsa. Kukhala Mbahá'í sikuchotsa munthu pa Chisena kapena Chimang'anja chake. Chilankhulo n'chomwecho, chiwongo n'chomwecho, udindo wosamala mbumba ndi womwewo. Lamulo lathu la ukwati limafuna chilolezo cha makolo onse amoyo amene anabereka mnyamata ndi mtsikana, kaya ndi Abahá'í kaya ayi, ndipo popanda chilolezocho ukwati suchitika. Ndi zipembedzo zochepa zimene zimapatsa kholo losakhulupirira mphamvu yotere.

Koma mbali ina amalumewo akuona chinthu chenicheni, ndipo tisawanamize kuti palibe chasintha. Dzina lako lachoka m'kaundula wa mpingo umene agogo ako anathandiza kuumba njerwa zake. Mowa wa pamwambo sulawanso. Ndipo pali lamulo limodzi limene limakhudza mtima wa mudzi kuposa onse. Bahá'u'lláh analamula kuti thupi la womwalira lisanyamulidwe ulendo woposa ola limodzi kuchokera kumene wamwalirira. Kwathu kuno maliro amapita kumudzi. Anthu amasonkha ndalama, ena amagulitsa mbuzi kapena ng'ombe, kuti thupi lichoke ku Blantyre, ku Lilongwe, ngakhale ku Johannesburg, lidzagone pafupi ndi makolo. Mbahá'í wa kwa Mbenje akamwalirira ku Blantyre, ola limodzi silimufikitsa ku Bangula. Tsiku limenelo abale ake adzamva zimene kholo lachiyuda lija limamva: kuti chikhulupiriro chatsopano chawalanda mwana, ndipo tsopano chawalandanso manda ake.

Nkhani yotere siyenera kuyambika pa siwa, anthu maso ali ofiira, abale mbali ino Abahá'í mbali iyo, mwini wake atagona chete osatha kudziyankhira. Chipembedzo chathu chimalamula munthu aliyense kulemba wilo, ndipo zofuna zake za maliro zilembedwe mmenemo. Koma pepala lokha silikwanira kwa anthu amene sanamvepo za lamuloli. Pitani kwa amalume kapena kwa abambo aakulu mukadali ndi mphamvu, mukhale pansi, muwafotokozere chimene lamulolo likunena ndi chifukwa chimene inu mwalivomerezera. Muwauzenso zimene sizikuletsedwa: kuti abale angabwere kudzaika nawo maliro kumene mwamwalirira, kuti kumudzi angakhale pamodzi kulira ndi kupemphera monga mwa mpingo wawo, kuti dzina lanu lidzatchulidwabe pakati pa ana a mbumbayo. Mwina adzakwiya ulendo woyamba. Muwasiye akwiye, mudzapitenso nthawi yokolola mapira.